Njala ya M'madzi

1. Kontena Yabuluu

Chiyambireni kusambira pa dziwe la mumzinda, Katumbu anasanduka mdani wa kabati ya chakudya. Dzinali anam'patsa ndi bambo ake, ati amakonda madzi ngati kanyama ka mumtsinje kaja. Anali mtsikana wowonda ngati bango, koma akachokera kosambira ankadya moti ungaganize kuti akudyera anthu atatu.

M'mawa wa tsikulo mayi ake anatsegula kabati n'kupeza pepala lokhalokha, buledi mulibe.

"Kodi m'nyumba muno mwalowa makoswe odziwa kutsegula kabati?" anafunsa mayiwo.

"Ndinangodya pang'ono, Amayi."

"Pang'ono? Buledi wathunthu? Iwe, m'mimba mwakomo muli dzenje kapena?"

Mawuwa anamulasa Katumbu. Mayi ake atamukulungira mbatata yowiritsa ndi nthochi kuti akadye akatuluka m'madzi, iye anazikankhira pakona ya tebulo.

"Sungani. Khoswe wanu waleka kudya."

"Nyanyala, mimba ndi yako," anatero mayiwo, osatekeseka n'komwe. Anali atavala kale yunifolomu ya kuhotela kumene ankachapa zovala. Anatenga kontena yabuluu, n'kuitseka bwinobwino, n'kuiika okha m'chikwama cha Katumbu.

"Za mbatata zisiye, koma izi mvetsetsa, mwana wanga. Chili m'kontenamu si chakudya wamba, ndi mankhwala. Bambo ako akadzibaya jakisoni wa shuga, mankhwala aja amayamba kufunafuna chakudya m'magazi. Akachipeza, zonse zili bwino. Akachisowa, amatsitsa shuga wa m'thupi mpaka munthu kuyamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, m'maso mdima. Mpungawu ndachita kuyeza ndi kapu monga anatiuzira adokotala. Kabichi ndi dzira n'zongoperekeza, mwini nkhani ndi mpungawu. Ndipo sunaiwale zimene ananena a Kapitawo ulendo uja bambo ako anachita chizungulire pantchito. Anati zikadzachitikanso chifukwa chosasamala, adzawachotsa pamakina ochekera matabwa. Akawachotsa pamenepo, ntchito ina pafakitale paja palibe. Ndiye ukatuluka m'madzi, usaime panjira ndipo usatsegule. Wamva?"

"Ndamva," anayankha Katumbu, milomo ili patsogolo.

2. M'dziwe

Tsikulo kunali mitambo ndi kamphepo. Madzi a m'dziwe anali ozizira moti atsikana ena ankangowagusa ndi chala cha kuphazi n'kubwerera m'mbuyo akukuwa. Katumbu sanachedwe nazo. Analumphiramo ndi mkwiyo wake wonse.

A Kochi anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo wenzulo sinkachoka pakamwa pawo. Anawasambiritsa ana aja chafufumimba, chagada, kupita ndi kubwera, mpaka manja analema ngati si awo. Katumbu ankafika kumapeto anzake akadali pakati.

Atatuluka, onse anakhala pamasitepe atadzifunditsa matawulo, mano akugundana. Aliyense anatulutsa kamba wake. Wina banzi, wina mtedza, wina lalanje. Katumbu anayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitambo. Kenaka mimba yake inalira mokweza, ndipo atsikana onse anafa nacho chiseko.

"Musamuseke," anatero a Kochi. "Nonsenu mimba zikulira, kungoti yake ili ndi sipika. Mukudziwa chifukwa chake munthu akasambira amamva njala yoopsa chonchi?"

"Ndi kususuka basi," anayankha mtsikana wina, onse n'kusekanso.

"Ayi, si kususuka. Tamverani. Choyamba, madzi ndi mbala ya kutentha. Amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mphepo. Kodi mukafuna kuziziritsa dzira lowiritsa mumaliika pawindo kapena m'madzi? Ndiye thupi lanu likamazizira limasonkhezera moto wa m'kati, ndipo nkhuni zake ndi chakudya chimene munadya. Chachiwiri, posambira palibe chiwalo chimene chimakhala pa tchuthi. Manja, miyendo, msana, mimba, zonse zikukankha madzi, ndipo madzi ndi olemera. Chachitatu, wothamanga pamtunda thupi limatentha, ndipo thupi lotentha limayamba laiwalako za chakudya. Inu mumatuluka muli ozizira, ndiye njala imakupezerani pomwepo pamasitepe. Chinanso, m'madzi mumatuluka thukuta koma simuliona, choncho ludzu limabwera litavala malaya a njala. N'chifukwa chake ndimati imwani madzi, valani zofunda, ndipo idyani kanthu musanachoke pano. Njala ya m'madzi si yochita nayo makani. Mukaipeputsa, idzakuchititsani zinthu zimene simungachite mutakhuta."

A Kochi anatembenukira kwa Katumbu. "Iwe, kamba wako ali kuti?"

"Ndadya kale, a Kochi."

"Liti? M'madzi momwemo?"

"Ndikadya kunyumba."

Mtsikana wa banzi uja ananyema theka n'kumupatsa. Katumbu anapukusa mutu. Manyazi ndi matama zikagwirizana, munthu amakana ngakhale chimene mtima ukulirira.

3. Pabenchi

Kuchokera kudziwe kupita kufakitale ya mipando kunali kamtunda ndithu. Katumbu anayamba bwino ulendo, koma atadutsa pamalo okwerera basi miyendo inayamba kulobodoka. M'mutu munali mopepuka. Kontena ija inkamuotcha pamsana, ndipo kafungo ka anyezi wokazinga kankatuluka m'chikwama n'kumamuzungulira mphuno.

Anakhala pabenchi kuti apume. Anatulutsa kontena kuti aone ngati sinatayikire. Umu ndi mmene anadziuzira.

Mpunga unali woyera, wofunda, utadzaza mpaka m'milomo. Katumbu anatapa supuni imodzi. Bambo sangazindikire supuni imodzi. Anatapa yachiwiri kuti asalaze pamene panatsala dzenje. Mbali inayo inaoneka yokwera, ndiye anasalazanso kumeneko.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pamene supuni inagunda pansi pa kontena kuti gobede, Katumbu anadzidzimuka ngati wadzutsidwa kutulo. Mpunga unangotsala wa m'makona.

Anaigwira kontena ija ndi manja awiri. Mimba inali itakhala chete, koma tsopano chimene chinkalira ndi mawu a mayi ake. Akanatha kuthamangira kunyumba. Akanatha kukafika n'kunena zoona pageti pomwe. Iye anasankha njira ina. Anasonkhanitsa mpunga wotsalawo pakati, n'kuyala kabichi pamwamba ponse, n'kuika dzira pachulu penipeni. Poyang'ana pamwamba, chakudya chinkaoneka ngati sichinakhudzidwe.

Anapukuta supuni ndi tawulo, anapukutanso pakamwa, n'kunyamuka.

4. Pageti la Fakitale

Bambo ake a Katumbu anali ndi chizolowezi chawochawo. Makina awo anali pafupi ndi windo loyang'ana kugeti. Akangoona chikwama cha mwana wawo chikulowa, ankazimitsa makina, kusamba m'manja, n'kulowa m'kachipinda kosinthira zovala kukadzibaya jakisoni. Ankatero kuti mwana akamafika, iwo angokhala pansi n'kudya. Nthawi yopuma pafakitalepo inali yaifupi.

Katumbu ankachidziwa bwino chizolowezichi. Atalowa pageti anawaona pawindo akumubayibitsa, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anawaona akutembenuka kupita kukachipinda kaja. Akanakuwa kuti, "Ababa, dikirani!" bambowo akanamva, pakuti makina anali atazima. Anatsegula pakamwa, koma pabwalopo panali amisiri ena akudya, ndipo mmodzi anali atayamba kale kumuseka.

"Wafika wampikisano! Mendulo yathu ili kuti?"

Katumbu anatseka pakamwa.

Bambo ake anatuluka akukonza malaya pamimba pamene anabaya. Anakhala pamulu wa matabwa n'kulandira kontena.

"Katumbu wanga! Lero wawasiyanso m'mbuyo?"

"Eya, Ababa."

Bambowo anatsegula, n'kulowetsa supuni. Supuni inapyola kabichi n'kukagunda pansi. Anayesa mbali ina, chimodzimodzi. Anakweza maso n'kumuyang'ana mwana wawo. Pakolala ya juzi yake panali kanjere ka mpunga.

Katumbu anaweramitsa mutu kudikira mawu. Bambo ake anadya kabichi, dzira ndi kampunga kotsalako mwakachetechete, mpaka kukokota m'makona.

"Madzi anali ozizira lero, eti?" anafunsa.

"Kwambiri."

"Ndaona. Milomo yako yachita kuda." Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa masiwiti. "Tenga, uzidya panjira."

Katumbu ankadziwa ntchito ya masiwiti amenewo. Anali oti bambo ake adye msanga shuga akatsika. "Ayi, Ababa, ndi anu."

"Tenga. Ine ndituluka pompano kukapeza banzi pakantini."

Asanamalize n'komwe, a Kapitawo anatulukira pakhomo akuwomba m'manja. "Amisiri, tiyeni! Galimoto ya madesiki ija ikubwera masana ano, matabwa sanathe kuchekedwa!"

Bambo ake anaimirira n'kumusisita kumutu. Kontena anaisiya pawindo. Katumbu anatuluka pageti masiwiti ali m'manja. Atacheuka anamva makina akulira, ndipo sanaone munthu aliyense akupita kukantini.

5. Makina Atakhala Chete

Kunyumba anapeza mbatata ndi nthochi zija zili pakona ya tebulo pomwe anazikankhira. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana masiwiti amene anali atanyowa ndi thukuta m'dzanja lake. Mantha anamugwira. Anazinyamula zonse n'kutuluka chothamanga, chitseko osakhoma.

Anathamanga msewu wonse mpaka chifuwa kuwawa. Atayandikira fakitale anazindikira kuti kuli zii. Makina sankalira.

M'kati anthu anali ataunjikana. Bambo ake anali atakhala pansi pa utuchi, atatsamira khoma, malaya atanyowa ngati awathira madzi. Mmisiri wina ankawamwetsa tiyi wa shuga wambiri, chifukwa manja awo ankanjenjemera osatha kugwira kapu. Pamakina panali thabwa lochekedwa mokhota. Mkono wa ovololo yawo unali utang'ambika kufika m'chigongono.

"Chikhala kuti sindinadumphire switchi yozimitsira makina ija, bwenzi tikunena zina," anatero mmisiriyo. "Mpeni unagwira nsalu yokha."

Katumbu anagwada pambali pawo n'kusenda nthochi. Bambo ake anailandira, n'kudya pang'onopang'ono. Patapita kanthawi maso awo anayamba kuona bwino.

A Kapitawo anaima patsogolo pawo, nkhope ili gwa. "Bambo, ndifunse pamaso pa anthu. Chakudya chinabwera kapena sichinabwere?"

"Chinabwera."

"Chokwanira?"

Katumbu anamva ngati fakitale yonse ikuyang'ana iye. Bambo ake sanamuyang'ane n'komwe.

"Chokwanira, a Kapitawo. Mwanayu anabweretsa chodzaza. Ine ndi amene ndinangodyako pang'ono, ndimathamangira ntchito."

A Kapitawo anapuma mozama n'kuvula chipewa. "Mwandikhumudwitsa, bambo. Pafakitale pano palibe amene amacheka thabwa mowongoka ngati inu, ndipo ine ndi amene ndinakuikirani kumbuyo kwa abwana ulendo watha uja. Ndinati matenda si mlandu, munthuyu amadzisamala. Lero ndikawauza chiyani? Makina awa sadziwa kuti uyu ndi katswiri, uyu ali ndi ana. Amangodya chimene chafika pampeni. Mukanati chakudya chinachedwa kapena chinatayika panjira, ndikanati ndi ngozi, chakudza sichiimba ng'oma. Koma munthu wamkulu kudzibaya jakisoni, kusiya chakudya dala, n'kubwerera pampeni? Kumeneko ndi kusasamala, ndipo tinagwirizana kale za kusasamala. Pitani mukapume. Mawa m'mawa mubweretse kiyi wa makina, tikaonane ndi abwana."

Katumbu anali ndi mbatata m'manja ndi mawu pakhosi. Anayang'ana a Kapitawo, n'kuyang'ananso amisiri aja. Kachiwiri tsiku lomwelo, anakhala chete.

6. Patebulo

Madzulo mayi ake atamva nkhaniyi anakhala pampando osavula n'komwe nsapato.

"Bambo a Katumbu, mwatani kodi? Ine kudzuka m'mamawa, kuyeza mpunga ndi kapu, mwana kuunyamula mtunda wonse uja ali wotopa, inu n'kukausiya? Madesiki ndi ofunika kuposa dzanja lanu? Nanga wotsalawo uli kuti? Kontenayi yabwera yopanda kanthu."

"Ndinapatsa anzanga," anayankha bambowo, maso ali pansi.

"Anzanu! Lero anzanuwo ntchito ali nayo." Mayiwo anapukuta misozi ndi nsonga ya epuloni, kenaka anatembenukira kwa Katumbu. "Ndipo iwe mwana wanga, undikhululukire za m'mawa zija. Ndinakutcha khoswe, koma ndiwe amene unathamanga ndi nthochi kukapulumutsa bambo ako. Bwera udye."

Anamuikira mbale yodzaza kuposa masiku onse. Katumbu anaiyang'ana. Akanakonda kumenyedwa kusiyana ndi kuthokozedwa kumeneku. Anagwira supuni, n'kuisiya pomwepo. Anadzuka n'kupita kukhonde.

Bambo ake anamupeza kumeneko akulira mosatulutsa mawu. Anakhala pambali pake pasitepe.

"Ababa, munanamiranji?"

"Tsitsa mawu, mayi ako angamve."

"Ndine ndinadya. Munaona."

"Ndinaona. Ndipo ndinaona mwana wanga ali ndi njala, milomo itada ndi kuzizira. Ukuganiza ndikanakuimika pakati pa amuna onse aja kuti akuseke? Tamvera, Katumbu. Unalakwa, sindikubisira. Kudya mpunga kunali kulakwa kwakung'ono, njala imagwetsa ndi akuluakulu omwe. Kulakwa kwakukulu kunali kuyala kabichi pamwamba. Ukanangonena pageti paja, sindikanabaya jakisoni, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Choipa ukachivundikira sichichoka, chimangodikira munthu wina kuti achiponde. Koma nanenso mbali yanga ilipo. Ndinaona kuti chakudya n'chochepa, ndinabwererabe pampeni. Ndiye usasenze katundu yense wekha."

"Ndikawauza Amayi. Ndi a Kapitawo omwe."

"Ukawauza mayi ako, kudziwe kuja sudzapondakonso. Ukuwadziwa. A Kochi anandiuza kuti akufuna kukuika pampikisano wa masukulu. Ine ndakalamba, ntchito ndikasaka ina. Iwe sambira. Nkhaniyi ithere pasitepe pano."

Bambowo analowa m'nyumba akuyenda mogwira khoma. Katumbu anatsala akuyang'ana ovololo yong'ambika ija, imene mayi ake anali ataiyanika pachingwe.

7. Pamphambano

Kutacha, Katumbu anatenga yekha mbatata yake patebulo n'kuiika m'chikwama. Mayi ake sanaphike za m'kontena, pakuti panalibe wokamupatsira. Bambo ake anavala malaya oyera, n'kuika kiyi wa makina m'thumba la pachifuwa.

Anatuluka limodzi. Panjira bambowo ankayesa nthabwala, za agalu a aneba ndi za mimba ya a Kapitawo, koma Katumbu sanaseke. Anafika pamphambano pamene msewu wa kudziwe umapatukira kumanzere. Kutsogolo kwawo atsikana awiri a timu ankathamanga, matawulo ali m'khosi.

"Katumbu, fulumira!" anakuwa mmodzi. "A Kochi akutchula mayina a opita kumpikisano lero! Wosapezeka, malo ake apatsa wina!"

Bambo ake anamukankha pang'ono paphewa. "Pita. Ukawasiye m'mbuyo."

Bambowo anapitirira molunjika. Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo kwawo. Anacheuka.

"Iwe, dziwe lili uko."

"Ndikudziwa, Ababa."

"Ndinati nkhani ija inatha."

"Munatero, Ababa. Koma ine sinandithere."

"Katumbu, bwerera. Ukuganiza kuti a Kapitawo akamva kuti ndinawanamiza pamaso pa anthu asangalala? Mwina zingoipiraipira."

"Mwina," anatero Katumbu. "Koma akakuchotsani, akuchotseni akudziwa zoona."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamuloleze, komanso sanamubweze. Anayenda limodzi mpaka pafakitale.

A Kapitawo anali ataima pageti, ndipo pambali pawo panali galimoto ya abwana. Anatambasula dzanja kuti alandire kiyi. Bambo ake asanapise m'thumba, Katumbu anadutsa kutsogolo kwawo n'kuima pakati pa anthu awiriwo.

"A Kapitawo," anatero, "musanalandire kiyiyo, ndili ndi mawu. Mpunga wa dzulo uja Ababa sanausiye. Ndinadya ndine."

Dzanja la a Kapitawo linatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana mwanayo, kenaka bambo ake. Kumbuyo kwawo chitseko cha galimoto chinatseguka, ndipo abwana anatsika akufunsa kuti, "Mwanayu akuti chiyani?"